Khomo Lachisanu la Kagalimoto ka Lekeleni

Chilape. Mwati nachize? Imvani tsono. Nyumba yanga ili ndi makomo asanu: anayi umalowa ndi miyendo yako, lachisanu amachita kukulowetsa. Musathamangire kuyankha. Ikani mwambiwu m'tsaya ngati njere ya malambe, uzisungunuka wokha, ine ndikusimbireni za Lekeleni wa pa Lizulu.

Lekeleni ankaphika masikono. Uvuni wake wa njerwa unali kuseri kwa nyumba, ndipo tambala woyamba akamalira, iye amakhala atatulutsa kale mathireyi awiri. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi masikonowo ankayenda pa kabaza ndi m'maminibasi, n'kukafika m'magolosale ena atafinyika, ena atakhalidwa, ena akununkha usipa wa eni ake. Tsiku lina kondakitala atamuponyera dengu lonse m'matope, Lekeleni anatola masikono ake limodzilimodzi, osagwetsa msozi, n'kulumbira pamaso pa ogulitsa kabichi kuti mvula ya chaka chamawa idzam'peza atagwira chiwongolero.

Mvulayo inam'pezadi. Kagalimoto anakapeza ku Ntcheu, kakang'ono, kobiriwira ngati mpiru, kodula kumbuyo ngati galu wodulidwa mchira. Kanali katadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo komaliza kanali takisi m'misewu ya fumbi ya kumapiri. Mwamuna wake Gelevazio, amene ankapha mbuzi pamsika, anakazungulira kawiri manja ali m'thumba, n'kunena kuti kameneka kakadzakula kadzakhala galimoto. Koma m'maso mwake munkaoneka kuti wakakonda, ndipo ndi iye amene anayamba kukhala pampando wa dalaivala.

Wogulitsa anali Sipiliyano, bambo woonda wa magalasi akuda. Iyeyu anaima kutsogolo kwa galimoto nthawi yonse. Atamuuza kuti akwere akaiyese limodzi, anati m'mimba simuli bwino, apite okha. Atamuuza kuti atsegule kumbuyo aone buti, anawaponyera makiyi ali patali. Chitseko chakumbuyocho, chija chimatsegukira m'mwamba pamodzi ndi galasi lake, sichinkaima chokha, ndiye m'buti munali mpini wa khasu wochirikizira. Kapeti munalibe. Chitsulo chinali mbee, chokwechedwa mpaka penti kusupuka, chikununkha mankhwala ochapira. Sipiliyano anati ankanyamulamo nsomba. Atasainirana mapepala mvula inayamba, ndipo Lekeleni, mwini galimoto watsopano, anati amuperekeze ku depoti. Bamboyo anangopukusa mutu, nalowa mumvula, osatembenuka mpaka anakhota pa golosale.

Sabata yoyamba pakhomo panali ngati paukwati. Amayi oyandikana nawo ankabwera kudzakhala pamipando galimoto ili chiimire, akumati awajambule. Wina anafunsa ngati theka linalo la galimoto adzalitenga mwezi wamawa. Tinyade, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankapukuta magetsi ndi mpendero wa diresi, ndipo anakatcha dzina loti Chiwala.

Choyamba chimene Lekeleni anaona n'chakuti kagalimotoko kankayenda chokhala kumbuyo, ngati kanyamula matumba a chimanga. Makanika wina dzina lake Yotamu anasintha mashoko onse awiri. Atakatsitsa pa jeke kanaima bwinobwino kanthawi, kenaka kanakhalanso pansi pang'onopang'ono, monga akhalira munthu wotopa. Yotamu anakanda m'mutu ndi sipanala, nati zoterezi sanazionepo. Pa rodibuloko wapolisi anam'tsegulitsa buti, nasuzumira, nafunsa mwanthabwala kuti ng'ombeyo waibisa pati. Lekeleni anaseka nawo, natseka butiyo msanga.

Kenaka masikono. Thireyi yapansi inkafika itaphwanyika mbali imodzi, yonyowa, ngati wina anaigonera. M'mamawa akamapita kukapakira, galasi lakumbuyo ankalipeza lili ndi nthunzi m'kati pamene ena onse anali ouma. M'munsi mwake, pafupi ndi chitsulo, pamakhala popukuta pang'ono, pongokwana diso limodzi. Munthu wokhala tsonga sangapukute pamenepo. Angapukute ndi wogona.

Nsapato zinayamba kusowa, zakumanzere zokhazokha, zachimuna zokhazokha. Jombo ya Gelevazio inapezeka pansi pa tayala la sipeya. Yachikopa ya kutchalitchi inapezekanso komweko, chidendene chitapindika ngati wina anaikakamiza phazi lotupa. Gelevazio anali munthu wa dzanja lofulumira. Anathyola kamtengo ka pichesi kuti akwapule Tinyade, ndipo Lekeleni anaima pakati n'kumufunsa ngati mwana wa msinkhu umenewo angatukule sipeya. Kamtengoko kanathera pa mkono wa Lekeleni.

Tinyade m'galimoto sankakhala monga anthu akhalira. Ankagwada pampando wakumbuyo, chibwano pa chotsamira, nkhope italoza m'buti, akuyankhula motsitsa. Mayi ake ankayesa masewera, pakuti mwanayo ankayankhulanso ndi nyerere ndi mitambo. Koma tsiku lina akudutsa pa mahampu a pasukulu, kumbuyo kunamveka kubuula kumodzi, kwakuya, kotulukira m'mano olumana.

"Amayi, ankolo akuti muziyenda pang'onopang'ono pa mahampu," anatero Tinyade. "Akuti nthiti."

Lekeleni anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Anangoona msana wa mwana wake ndi msewu ukuthawa. Anafunsa kuti ankolo ake ati. Mwanayo anati aja avala nsapato imodzi, amene amangofunsa ngati kuchipatala kukadali kutali.

Kuyambira tsiku limenelo anam'letsa kukwera, koma chinthucho chinali chitam'dziwa kale. Tinyade anayamba kuyenda atagwira m'nthiti, akukoka mwendo wamanzere, akupuma ngati mvukuto wobooka. Kuchipatala anamuunika, anam'gogoda pachifuwa, sanapeze kanthu. Pomusambitsa, Lekeleni anaona mikwingwirima yakuda kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno, timizere topingasa tondandana bwinobwino. Anaizindikira, chifukwa ankaiona m'mawa uliwonse pa matope a pakhomo pake, pamene padutsa tayala.

Masana ena mwanayo anasowa. Anam'funa kumadzi, anam'funa kwa anzake, ndipo anam'peza m'buti, galimoto ili yokhoma, makiyi ali m'thumba la epuloni ya mayi ake. Anali atapindika ngati thumba lopanda kanthu, maso ali tong'o, milomo itauma. Lekeleni atam'nyamula anamva kuti wapepuka. Zimene mwanayo ankataya, wina ankatola. Anadziwa mumtima kuti akazengereza, tsiku lina adzatukula chitseko chimenecho n'kupeza mwana wake atazizira.

Nambala ya Sipiliyano inali yosapezeka. Kugulitsa kagalimotoko Lekeleni anakuganizira, koma anakumbukira kuti wogulayo angakhalenso ndi mwana. Gelevazio anati zonsezo ndi nsanje za anthu a pamsika, ndipo pofuna kuonetsa kuti iye saopa mphepo, Lachitatu anati apite limodzi ku Nsanjiko, mudzi wa kumapiri kumene anamva kuti kuli mbuzi zonona. Tinyade anam'siya kwa oyandikana nawo. Panjira anagula kaye tonde mmodzi, anam'manga miyendo n'kumuika m'buti. Sanayende mtunda. Kumbuyo kunamveka phokoso ngati la anthu omenya chimanga m'thumba. Tondeyo analira kamodzi, kenaka zii. Ataima anam'peza nthiti zonse za mbali imodzi zitalowa m'kati, magazi akutuluka m'mphuno ndi m'makutu. Gelevazio, munthu amene anapha mbuzi zosawerengeka, anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati nyama ndi nyama, wam'chepetsera ntchito, ndipo analiza injini.

Pa mphambano ya Nsanjiko panali amayi ogulitsa kachewere ndi amuna a kabaza atakhala pansi pa mtengo. Kagalimoto katangotulukira pa khona, mayi wina anaimirira, ndowa yake inagubuduka, kachewere n'kumwazika mumsewu. Sanakuwe. Anaika dzanja limodzi kumutu, linalo analoza.

Mwala woyamba unaswa galasi la mbali ya Lekeleni. Wachiwiri unam'peza Gelevazio pa nsagwada. Anthu anatuluka m'minda ndi makasu, anagubuduzira chipika kutsogolo, ndipo anam'solola Gelevazio pa windo ngati mbewa ku una. Anam'gwetsera m'ngalande. Lekeleni sankamuonanso, ankangomva mipini ikutsika pa thupi, ndi mawu a mwamuna wake akuchepa ndi kutsika kulikonse. Wina anali atayamba kale kufunsa machesi, wina akubwera ndi tayala lakutha. Lekeleni anakwawa pakati pa miyendo ya anthu, bulubuku ya umwini wa galimoto ili m'manja, akuloza dzina lake ndi tsiku limene anagula, koma ndani amawerenga pepala magazi atawira? Wina anam'ponda zala, ndipo bulubukuyo inalowa m'matope.

Amene anawaletsa ndi mayi wa kachewere yemwe uja. Anakankha amuna awiri, anagwada m'ngalandemo, anapukuta nkhope ya Gelevazio ndi chitenje chake, nayang'anitsitsa.

"Si ameneyu," anatero. "Uja anali woonda. Musiyeni."

Mipini inatsika. Wa tayala uja analigubuduzira m'tchire ngati sakulidziwa, ndipo amene anamenya kwambiri ndi amene anathamangira kukatunga madzi. Mayiyo anali aNangozo. Anam'tenga Lekeleni pa dzanja, anam'khazika pamwala kutali ndi galimoto, n'kumusimbira.

Mlongo wawo Fabiyano ankanyamula kabichi pa njinga. Chaka chatha nthawi yokolola, dzuwa lili paliwombo, kagalimoto komweka, kali koyera nthawi imeneyo, kanam'gunda pa khona pomwepo n'kumukwera. Anali moyo, akuyankhula, akufunsa za njinga yake. Dalaivala ataona anthu akusonkhana anagwada pansi, nalonjeza kuti athamangira naye kuchipatala. Mipando inali yodzaza ndi matumba a nyemba, ndiye anam'pinda n'kumulowetsa kumbuyo. ANangozo anathamangira kunyumba kukatenga bulangete kuti akwere nawo, ndipo pobwera anapeza fumbi lokha ndi nsapato imodzi pamsewu. Anayenda m'zipatala, anayenda kupolisi, anasuzumira pansi pa milatho yonse. Mpaka lero Fabiyano alibe manda.

Lekeleni anafunsa kuti akazindikira bwanji, pakuti penti ndi nambala zomwe n'zina.

"Galimoto sindinaizindikire ine," anatero aNangozo. "Ndaona mlongo wanga. Anadzutsa mutu."

Mwambi uja mwaumasula tsopano? Lavulani njere. Nyumba ya makomo asanu ndi kagalimoto kotere, ndipo khomo lachisanu ndi la katundu, la mbuzi, ndi la munthu amene miyendo yake yaleka kumumvera.

Lekeleni atawauza za mwana wake, aNangozo anati Loweruka asonkhanitsa abale, adula nthambi ya msolo, ndipo Lekeleni abwere nako kagalimotoko kuti Fabiyano akatsitsidwe pakhomo pa mayi ake, nthambi ndi nsapato zikaikidwe kumanda m'malo mwa thupi. Mwana akamasuka tsiku lomwelo. Kenaka anam'gwira chibwano ngati mwana, kuti amve bwino.

"Kufikira tsikulo musamuyankhule. Munthu wotere amatsika pamene wauzidwa kuti wafika, ndipo pamene watsikapo ndiye kwawo."

Gelevazio anabwerera kunyumba wopanda mano atatu, diso limodzi litatsekeka, khutu litatupa ngati chitumbuwa. Lekeleni akumutsuka mabala anam'fotokozera zonse, koma iye anamva ndi khutu lotsalalo, ndipo anamva theka. Anati ku Nsanjiko sadzapondakonso. Anthu amene am'gulula mano sangawapititsire m'bale wawo pa mafuta ake ngati mkwatibwi. Ngati chofunika ndi kumuuza munthuyo kuti atsike, pakamwa iye ali napo. Waperekezapo maliro ambiri pa lole ya anthu a pamsika, ndipo mawu amene amanena pofika amawadziwa. Lekeleni anam'gwira miyendo, anam'tchulira Tinyade, anati bambo a Tinyade, masiku atatu okha. Mwamunayo anatembenukira kukhoma. Makiyi Lekeleni anawakwirira m'thumba la fulawa.

Lachinayi masana, ali ku uvuni, anamva chitsulo chikulira. Anathamanga manja ali ndi fulawa. Gelevazio anali atathyola loko ndi chikwanje chake chophera mbuzi, atachirikiza chitseko ndi mpini uja, ndipo ankatema pansi pa buti mpaka moto kuthetheka. Oyandikana nawo anali atasuzumira pa mpanda. Pakhonde Tinyade anali atapindika, ndipo chikwanje chikatsika, iye ankadzidzimuka n'kulira ngati chatera pa iye.

"Tsika," ankatero Gelevazio kudzera m'mano otsalawo. "Wafika. Ndati wafika, galu iwe. Kwanu ndi pompano. Tsika."

Lekeleni anafika kuti am'tseke pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale, ndipo mawu sabwerera m'kamwa. Kagalimoto kanadzuka. Kumbuyo kunakwera pang'onopang'ono, mashoko akulira, mpaka kanaima mowongoka koyamba chikagulireni. Gelevazio anatembenukira anthu a pampanda kuti aseke. Mpini wa khasu unathyoka pakati ngati phesi. Chitseko chinam'gwera pakhosi. Chinadzuka chokha, chinagwanso. Chinadzukanso. Pa kugwa kwachitatu galasi linasweka, ndipo Lekeleni analeka kuwerenga pa kachinayi. Chitaleka, Gelevazio anali lende, theka m'buti theka pansi, chikwanje chikadali m'dzanja.

Palibe anasuntha. Pa fumbi la pabwalo, kuchokera kumbuyo kwa galimoto kulunjika pakhonde, panayamba kuoneka mapazi: nsapato, kenaka mzere wokoka, nsapato, kenaka mzere. Anadutsa pambali pa Tinyade. Chitseko cha nyumba chinatseguka, n'kudzitseka mofatsa, monga atsekera mwini nyumba.

Gelevazio ankapuma, koma khosi linali litapendeka, sakanatha kukhala pampando. Amuna anagwetsa mipando yakumbuyo n'kumukankhira m'kati chogona, kudzera pomwe anagwera pomwepo. Lekeleni anakhazika Tinyade kutsogolo n'kuthamanga. Kagalimotoko tsopano kanali kopepuka ngati tsamba louma, kakuuluka pa zitunda zimene kale kankakwera chokwawa. Kuchipatala cha kuboma anam'tulutsa pa machira ali chikomokere, osadziwa n'komwe kuti wafika. Adokotala anati tiona mawa. Mlamu wake wa Lekeleni, Ejidiya, anatsala kuti adikirire mlongo wake, n'kumuuza kuti apite akatenge zofunda ndi beseni.

Anafika pakhomo dzuwa likulowa. Mawindo onse a nyumba anali ndi nthunzi m'kati. Ku chipinda cha Tinyade kunkamveka bedi likulira, monga limalirira munthu wamkulu akamatembenuka movutika. Mwanayo anasolola dzanja lake m'dzanja la mayi ake n'kuyamba kukoka mwendo kulunjika pakhomo, akuti ankolo akufuna madzi. Pakona ya milomo yake panali kamzere ka magazi. Lekeleni anam'gwira, anam'bereka kumbuyo ndi chitenje ngati khanda, namanga mfundo ziwiri. Zofunda ndi beseni anabwereka. Anagona kwa oyandikana nawo chokhala, mwana ali kumsana, akumva kupuma kwake kukufupika, ndipo anadziwa kuti Loweruka ndi kutali.

Tambala woyamba anam'peza pamsewu wa ku Nsanjiko, Tinyade ali naye m'galimoto. Anagwada pakhomo pa aNangozo n'kuulula zonse, osabisa ngakhale mawu achipongwe aja. ANangozo anaimirira. Kenaka analowa m'nyumba, natulutsa nsapato yakuda yakumanzere yokulunga m'pepala, natuma mwamuna wawo kuti akadule nthambi ya msolo ndi kuuza abale kuti asadikire Loweruka. Panjira anayang'ana Tinyade kamodzi, naona milomo yake, nauza Lekeleni kuti aponde mafuta.

Atafika pa Lizulu, aNangozo anavula nsapato zawo pabwalo. Analowa m'nyumba chogwada, nthambi m'khwapa, akuwomba m'manja. Chitseko chinatsekeka. Lekeleni ali panja anamva mbale zikusweka, mpando ukumenya khoma, bedi likugubuduzika, ndi kugunda kumodzi kofewa kumene sikunali kwa thabwa. Pakati pa zonsezo mawu a aNangozo sanakwere. Ankayankhula monga ayankhulira mlongo amene anabereka munthu kumbuyo ali khanda, akumuitana Fabiyano ndi mfunda wake.

"Ngozo, ndine. Kuno si kwanu. Akunamizani kawiri, ine sindikunamizani. Nsapato yanu nayi. Mwana wa eni ake m'siyeni, sanakugundeni ndi iye. Amayi akudikira."

Kunati zii. Anthu a pampanda anayamba kunong'onezana kuti wina alowe akaone, koma aliyense ankauza mnzake. Kenaka chitseko chinatseguka, ndipo aNangozo anatuluka mlomo utang'ambika, duku litagwa, atanyamula nthambi ndi manja awiri ngati mphika wodzaza. Kunalibe mphepo, koma masamba ankanjenjemera. Lekeleni anathamangira kumbuyo kwa galimoto kuti atukule chitseko chophwanyikacho. ANangozo anapukusa mutu, natsegula chakutsogolo ndi chigongono.

"Ulendo uno mukhale kutsogolo ngati munthu."

Anagoneka nthambi pampando, anaika nsapato pansi, anamanga lamba. Kagalimoto kanapendekera kumanzere.

Ulendo wotere suyankhulidwa, ndipo sutembenuka. Anthu ankawaimika kupempha matola, ena ankawapatsa moni, Lekeleni maso ali pamsewu. Amene ankayankhula ndi aNangozo okha, atakhala kumbuyo ndi mutu wa Tinyade pa miyendo yawo, ndipo ankayankhula pa mitsinje pokha: tikuwoloka Kankhande, Ngozo, uyu ndi Namadzidzi, mumasamba muno muli mwana. Pa mahampu Lekeleni ankatsika giya n'kudutsa ngati wanyamula mazira. Dzanja lake lamanzere, posintha magiya, linkazizira mpaka m'chigongono.

Pa mphambano ya Nsanjiko amuna a kabaza anaimirira n'kuvula zipewa, omwe aja a mipini. Amayi anayamba kulira maliro amene anawasunga chaka chathunthu, ndipo anatsata kagalimoto kakuyenda pang'onopang'ono mpaka pa kanyumba ka udzu kumapeto kwa mudzi, pamene mayi wokalamba anali atakhala pa mphasa. ANangozo anatsika, anatsegula chitseko, anamasula lamba.

"Mwafika, Ngozo. Tsikani."

Kagalimoto kanawongoka. Pampando wakumbuyo Tinyade anakoka mpweya wautali, wautali, ngati munthu wovuuka m'madzi, anayetsemula kawiri, nati ali ndi njala. Anadya kachewere wowotcha atatu. Pamene anthu ankabwera kuchokera kumanda, iye anali akuthamangitsa anapiye ndi miyendo yonse iwiri. Lekeleni anam'kokera kuseri kwa nkhokwe n'kumutukula diresi. Mikwingwirima ija inali itazimiririka, ngati mapazi a pamchenga madzi akadutsapo. Apo ndi pamene Lekeleni analira, koyamba chiyambire zonsezi.

Dzuwa litapendeka, aNangozo anati apita nawo kuchipatala. Mudzi wawo unamenya munthu wosalakwa, ndipo kupepesa sikutumidwa. Anakhala kutsogolo ndi kadengu ka mazira pamiyendo. Amuna anamanga chitseko chakumbuyo ndi waya, ndipo wina anatseka windo losweka ndi pepala la pulasitiki, osafuna n'komwe kuthokozedwa.

Kagalimoto kanatsika mapiri mopepuka. Lekeleni anamva mapewa ake akumasuka. Anaganiza za galasi latsopano, za kapeti ya m'buti, za uvuni umene wazizira kuyambira dzulo, za phala limene angamuphikire munthu wopanda mano. Anauza aNangozo kuti mwamuna wake adzatukwana kaye asanalandire mazirawo, asadzadabwe, ndipo onse awiri anaseka pang'ono. Kumbuyo Tinyade ankaimba kanyimbo ka kusukulu, akulakwitsa mawu.

Pa mlatho wa Kankhande panalibe hampu, panalibe dzenje. Koma ali pakati pa mlathowo, kumbuyo kwa galimoto kunakhala pansi, pang'onopang'ono. Ekizozi inakhula konkire. Injini inasintha mawu ngati yayamba chitunda. M'kati munalowa fungo la mafuta a mbuzi ndi utsi wa pamsika, fungo limene Lekeleni anakhala akulichapa m'malaya a mwamuna wake zaka khumi.

M'kachikwama pakati pa mipando foni inayamba kulira. ANangozo anaona dzina la Ejidiya likuwala, anayang'ana Lekeleni, kenaka anabwezera maso pamsewu n'kugwira kadengu kawo ndi manja awiri. Lekeleni anafinya chiwongolero mpaka zala zopondedwa zija zinayambanso kutuluka magazi. Galasi loonera kumbuyo sanaliyang'ane. Foni inaleka, n'kuyambanso.

Tinyade anali atasiya kuimba. Anatembenuka, namwetulira, natambasula dzanja kudutsa pa chotsamira.

"Amayi, nanga ababa akwerera pati?"